Mkanda, chuma ndi galasi la pa Chilumba

Mawu akuti galasi sabisa kwawo. Aliyense amene anakhalako m'kalasi amamva Chingerezi m'kati mwake, ngakhale tinawakonza kuti akhale bwino pakamwa pathu. Lilime la Mchewa silikonda kugundanitsa g ndi l, ndipo silimaliza mawu popanda lembo la liwu, ndiye tinaika a pakati ndi i kumapeto. Botolo ndi tambula tinawalandiranso chimodzimodzi. Onsewa ndi alendo a dzana, obwera ndi amishoni ndi masitolo a azungu m'zaka za m'ma 1800. Koma galasi lenilenilo linafika kuno kalekale, Mngelezi asanamve n'komwe za nyanja yathu. Linkabwera lili tizidutswa toboola pakati, tofiira, tobiriwira, tachikasu, ndipo makolo athu analitcha dzina lopanda fungo lililonse lachilendo: mkanda.

Mkanda, mikanda. Mawuwa amayenda m'gulu limodzi ndi mtengo, mudzi ndi mtima, ndipo Mtumbuka wa pa Chilumba amawatchula monga momwe amawatchulira Mchewa wa ku Dedza. Tsinde lake ndi -kanda. Ena amafulumira kulilumikiza ndi kukanda, kuja kwa pakhungu poyabwa kapena kwa ufa wa mandasi, koma njira imeneyo siipita patali. Njira yooneka bwino ili m'zilankhulo za abale athu. M'Chiswahili mkanda kapena ukanda ndi lamba. M'Chibemba inkanda ndi khungu, ndipo Mshona akati ganda, zikachuluka makanda, akunena chikopa. Ine ndimawerenga motere: poyamba dzinali linali la kachingwe kachikopa komanga m'thupi, kenaka linatsetserekera pa zinthu zotungidwa pa kachingweko. Mpaka lero mayi akati "mkanda wanga waduka" sakunena kuti galasi lasweka, akunena ulusi. Ndipo mikanda ya m'chiuno, imene anamkungwi amalangiza anamwali za ntchito yake, imakhala pomwe pamakhala lamba wa Mswahili.

N'chifukwa chake galasi silinafune dzina latsopano litafika. Linapeza malo ake atakonzedwa kale. M'mapanga a phiri la Hora ku Mzimba, akatswiri ofukula zakale apeza mikanda yosemedwa kuchokera ku zigoba za nkhono, ya zaka zikwi zingapo zapitazo. Anthu ankadziwa kale kuboola, kutunga ndi kuvala. Wamalonda anangobweretsa chinthu chowala kuposa chigoba, chosasuluka ndi thukuta kapena mvula, ndipo chinalowa pa ulusi womwewo n'kutenga dzina lomwelo.

Chilumba ndi malo oyenera kulingalirapo zimenezi chifukwa ndi khomo. Lero pamakocheza sitima ya Ilala. Azungu oyamba ankapatchula Deep Bay, kaamba ka madzi ake akuya oti sitima n'kufika pafupi ndi mtunda. Mbiri ya Atumbuka imasimba kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kagulu ka amalonda a minyanga ya njovu kanachokera kutsidya la kum'mawa, kanadutsa nyanja n'kukocheza m'dera lomweli, kenaka kanakwera mapiri kulowera ku Nkhamanga. Eni dziko sanawatchule ndi mtundu wawo. Anawatchula ndi zimene anachita: Balowoka, ndipo mtsogoleri wawo Mlowoka. Mchewa savutika kumva mawuwa, pakuti kulowoka kwa Chitumbuka ndi kuwoloka kwathu n'kumodzi. Mlowoka ndi wowoloka. M'mitolo yawo munali nsalu, mikanda ndi makasu, ndipo dzina la ufumu umene unaphuka mwa iwo, Chikulamayembe, ambiri amalilumikiza ndi mawu a Chiswahili onena za kunyamula makasu. Mayembe m'Chitumbuka ndiwo makasu.

Mikanda ndi makasu mumtolo umodzi: apa ndi pamene mawu akuti chuma amatseguka. Kwa ife lero chuma ndi ng'ombe, galimoto, nyumba ya malata, ndalama za kubanki, ndipo tili ndi nduna ya zachuma. Koma mukafunsa chuma ku Zimbabwe adzakupatsani mikanda, pakuti m'Chishona tanthauzo lake ndi limenelo. Mukawoloka Songwe kulowa m'Tanzania, chuma ndi chitsulo. Mawuwa ndi amodzi, ochokera ku tsinde lakale la zilankhulo za Chibantu, ndipo mtundu uliwonse unagwiritsitsa mbali imene inali pafupi ndi moyo wake. Mshona anagwira mkanda, Mswahili anagwira chitsulo, ife tinagwira mtengo wake wa zinthuzo n'kusiya zinthu zenizenizo. Munthu wa pa Chilumba wa m'masiku a Mlowoka akanamva matanthauzo atatuwo pamodzi osadabwa, chifukwa khasu ndi mkanda ndizo zinkaperekedwa pa ukwati, kulipira mlandu ndi kusinthana ndi mnyanga. Ndikamamva munthu akuti "chuma cha dziko" pa wailesi, ndimakumbukira kuti mawuwo anayambira pa zinthu zokwana m'dzanja.

Ndalama yokha ndi mlendo wakale. Inachokera ku dirham ya Aluya, ndipo dirham inachokera ku drachma ya Agiriki. Mshona anasunga ndarama kutanthauza golide. Njira imene mawuwa anadutsa, kuchokera kunyanja ya mchere ya India kulowa kumtunda, ndi yomwe mikanda inadutsa.

Komabe mawu ali ndi polekezera. Amatiuza amene anatipatsira chinthu m'manja, ndi mtengo umene tinachiikira, koma sangatiuze amene anasonkha moto. Mlowoka sanapange mkanda ndi umodzi womwe. Anaugula kwa wina, amenenso anaugula kwa wina pa doko ngati la Kilwa. Funso loti galasilo linaphikidwa kuti ndiponso liti limayankhidwa ndi galasi lenilenilo, ndipo kuti timve yankho lake tiyenera kudziwa zimene zili m'kati mwake.

Galasi ndi mchenga wosungunuka. Vuto ndi loti mchenga pawokha susungunuka mpaka kutentha kutapitirira madigiri 1,700, moto umene ng'anjo zakale sizikanaufikira. Pamafunika chinthu chofewetsa, chimene chimatsitsa kutenthako kufika cha m'ma 1,100, ndi laimu pang'ono woti galasilo lisamadyeke ndi madzi. Chofewetsacho amayi athu amachidziwa bwino. Akatentha zitsononkho kapena makoko a nthochi, n'kuthira madzi paphulusa lake kuti adonthe, amapeza chidulo chimene chimafewetsa thelere ndi chigwada. Mphamvu imene ili m'chidulo ndi ya banja limodzi ndi imene imagonjetsa mchenga pamoto. Ndipo monga mayi wozolowera amasiyanitsa chidulo cha zitsononkho ndi soda wa m'sitolo pongolawa ndiwo, katswiri amasiyanitsa magalasi poona chofewetsa chimene chinalowamo.

Aroma ankagwiritsa ntchito mchere wa soda wokumbidwa m'nyanja zouma za ku Wadi El Natrun ku Egypt, wotchedwa natron. Mcherewu ulibe zosakanikirana zambiri, choncho galasi lake limakhala ndi magineziyamu ndi potaziyamu wochepa, aliyense osafika 1.5 peresenti. Cha m'zaka za m'ma 800 natron anazimirira pa ntchitoyi, ndipo amisiri a m'maiko a Chisilamu anatembenukira ku phulusa la zomera za m'chipululu ndi m'madambo amchere. Phulusa limabweretsa magineziyamu ndi potaziyamu wochulukirapo, ndipo poyeza zimaonekera. Ku India ankakokola dothi lotchedwa reh, limene limatuluka loyera pamwamba pa nthaka m'chilimwe lili kale ndi mchenga ndi soda pamodzi. Galasi lake limadziwika ndi aluminiyamu wambiri, kawirikawiri kuposa 5 peresenti, pamene la Aroma limakhala ndi 2 kapena 3. M'nkhalango za pakati pa Ulaya, monga ku Bohemia, ankatentha nkhuni, ndipo galasi lawo limadzaza potaziyamu. Mu 1961 Edward Sayre ndi Ray Smith ku America anasonyeza kuti magalasi akale amagawika m'magulu ochepa otere, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yakhala yogawanso magulu aakuluwo kukhala aang'onoang'ono, mpaka kuloza dera limodzi ndi nyengo imodzi.

Mwana wa Fomu 1 pa sekondale ya Chilumba akamaloweza kuti chizindikiro cha sodiyamu ndi Na ndipo cha potaziyamu ndi K, amadabwa kuti zilembozo zachokera kuti poti sizigwirizana ndi mayina. Zachokera ku mbiri yomweyi. Na ndi natrium, dzina lomangidwa pa natron uja wa ku Egypt. K ndi kalium, kuchokera ku mawu a Chiluya onena za phulusa la zomera zamchere, omwenso anabala mawu akuti alkali. Dzina lakuti potaziyamu linachokera ku potash, phulusa la mumphika, ndiye kuti chidulo cha azungu. Ndikanakonda phunziroli likanamayambira pamenepo, chifukwa mwana amene waona amayi ake akudontheza chidulo waona kale theka lake.

Kale kuyeza galasi kunkafuna kuswa ndi kupera chidutswa, ndipo osunga zinthu zakale sankalola mosavuta. Lero njira yofala ndi imene amaitchula mwachidule LA-ICP-MS. Kuwala kwa leza kumaboola kadzenje kosaposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, kovuta kukaona ndi maso. Fumbi lotuluka pamenepo limatengedwa ndi mpweya kulowa m'lawi lotentha madigiri zikwi zingapo, limaphwanyika kukhala maatomu, ndipo makina amawawerenga potsata kulemera kwawo. Pa kamkanda kamodzi amawerenga zinthu zoposa 50. Zochulukazo zimaulula chofewetsa. Zochepetsetsa, monga zirconium, uranium ndi strontium, zimaulula mchenga, pakuti mchenga wa gombe lililonse uli ndi zitsotso zakezake. Zopatsa mtundu nazo zimalankhula: cobalt amapereka buluu, mkuwa umapereka kubiriwira kapena kufiira malinga ndi mmene motowo unalili, mtovu wosakaniza ndi tin umapereka chikasu, manganese amapereka pepo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri, ndipo Chichewa chili ndi mawu ochiwongolera. Tikati "galasili linapangidwa kuti?" timafunsa mafunso awiri m'mawu amodzi. Makolo athu sankasakaniza mafunsowa pa nkhani ya chitsulo. Aphoka a m'mapiri a kumtunda kwa Chilumba, cha ku Livingstonia, ankayenga chitsulo m'ng'anjo kutchire, ndipo kusula khasu inali ntchito ina, ya pachipala. Kuyenga ndi kutulutsa chinthu chatsopano m'mwala kapena mumchenga. Kusula ndi kuumba n'kupatsa chinthucho maonekedwe. Galasi nalo linkayenda chomwecho. M'nthawi ya Aroma ndi zaka zotsatira, ng'anjo zikuluzikulu za ku Egypt ndi za m'mphepete mwa nyanja ku Palestine zinkayenga galasi lolemera matani ambiri nthawi imodzi. Ku Bet She'arim kudakali chimwala chimodzi chagalasi cha matani pafupifupi 9 chimene chinakanika kupsa bwino n'kusiyidwa. Lopsa bwino ankaliswa m'zibenthu n'kulitumiza pa zombo kwa amisiri a m'mizinda yakutali, amene ankalisungunulanso n'kuliuzira mpweya kudzera m'kampope kachitsulo kuti likhale mabotolo ndi zikho. Makina aja amanena kumene galasi linayengedwa. Mmene linaumbidwira zimadziwika ndi diso: chipsera cha pansi pa botolo pamene panagwira ndodo ya mmisiri, kapena timathovu ta mpweya totsekeredwa mumkanda. Timathovuto tikatalika motsata bowo, mkandawo unadulidwa ku kampope kagalasi kochita kukoka. Tikazungulira bowo, galasilo linakulungidwa pa waya lili lofewa.

Kum'mwera kwa Africa kuno nkhani imayambira pa Chibuene, gombe la ku Mozambique pafupi ndi Vilankulo, pamene Paul Sinclair anayamba kufukula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Panapezeka mikanda zikwi zingapo pamodzi ndi zibenthu za ziwiya zagalasi. Marilee Wood, Laure Dussubieux ndi Peter Robertshaw ataziyeza anafalitsa zotsatira mu 2012: zambiri zinali za phulusa la zomera, mtundu wa galasi la ku Middle East cha ku Iraq ndi Iran, za kuyambira zaka za m'ma 600 mpaka 900. Mikanda ya galasi lomwelo, imene akatswiri amaitchula Zhizo, inalowa kumtunda mpaka ku Zimbabwe ndi Botswana. Chapakati pa zaka za m'ma 900 inasiya kubwera, ndipo m'malo mwake munalowa ya aluminiyamu wambiri ya ku India. Kusintha kumeneku kwa malonda timakudziwira m'galasi.

Pa mudzi wakale wotchedwa K2, pafupi ndi Mapungubwe m'chigwa cha Limpopo, anthu ankasungunula timikanda ta kunjato m'zikombole zadothi n'kuumba mikanda yawoyawo ikuluikulu. Makina amati India, diso limati Limpopo, ndipo onse awiri akunena zoona, chifukwa wina akuyankha za kuyenga, wina za kuumba. Ku Ile-Ife ku Nigeria ndiye kunali kuyenga kwenikweni. Abidemi Babatunde Babalola anasonyeza kuti pa Igbo Olokun, pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400, amisiri ankayenga galasi lawolawo la laimu ndi aluminiyamu wambiri, losiyana ndi la ku Egypt, la ku India kapena la ku Ulaya. Amene amati munthu wakuda ankangogula galasi osadziwa kulipanga ayenera kuimva nkhani imeneyi.

Kwathu kuno, Yusuf Juwayeyi anafukula pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, likulu la Kalonga wa Amaravi, ndipo anapeza mikanda yagalasi, zibenthu za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga. Pakati pa mikandayo pali ya gulu lotchedwa Khami, galasi la ku India la pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1600. Kumpoto, pa phiri la Mbande kumadzulo kwa tawuni ya Karonga, pamene pankakhala a Kyungu oyambirira a Ankhonde, Keith Robinson anapezanso mikanda yagalasi m'zaka za m'ma 1960. Ndiye kuti Mlowoka pokocheza pa Chilumba sanali woyamba kuonetsa mkanda kwa anthu a m'chigawo chino. Anapeza msika umene unalipo kale, ndi ogula odziwa kusankha.

Nanga bwanji ziwiya zagalasi zimapezeka pagombe la nyanja ya mchere, koma kumtunda kuno n'kumapezeka mikanda? Yankho lili pamutu pa wamtengatenga. Mtolo wa mikanda ungagwe kangapo pa ulendo wa miyezi kuchokera ku Kilwa osawonongeka, ungatapidwe pang'onopang'ono kugulira ufa m'njira, pamene botolo likagwa kamodzi latha. Chilankhulo chinasunga kusiyana kumeneku. Mswahili, amene ankaona mabotolo agalasi pa madoko ake kwa zaka mazanamazana, anangotenga dzina lakale la chipanda n'kulipereka kwa botolo: chupa. Mawu omwewo ife tili nawo, ndiwo nsupa, koma kwa ife nsupa idakali kachipanda kaja ka mafuta a nsatsi kapena ka mankhwala a sing'anga. Botolo linafika mochedwa, m'manja mwa Mngelezi, lili kale ndi dzina lake, ndipo nsupa inatsala ndi ntchito zake zakale. Wa pa Chilumba amene amakaoda katundu ku Kyela kapena ku Mbeya akamva "chupa ya soda" akumva msuweni wa nsupa ya agogo ake.

Mikanda ya kumpoto kwa Malawi inafika pansi pa leza posachedwapa. Gulu la Jessica Thompson wa ku yunivesite ya Yale, mogwirizana ndi Menno Welling ndi Potiphar Kaliba wa ku dipatimenti ya boma yoona za zinthu zakale, linafukula m'mapanga a m'chigwa cha Kasitu ku Mzimba, ndipo timikanda 29 tinayezedwa ndi Laure Dussubieux ku Field Museum ku Chicago. Zotsatira zinatuluka mu 2022. Tonse kupatula kamodzi tinali ta ku Ulaya, ta maphikidwe a chapakati pa zaka za m'ma 1800. Kamodzi kotsalako kanali ka galasi la ku India, kakale ndi zaka mazana awiri kapena kuposa. Timikanda 29 n'tochepa, koma tikunena nkhani yaikulu: katundu wa ku Ulaya ankafika m'mapanga a ku Mzimba poyenda m'manja mwa amalonda a kuno konkuno, pa njira zomwe zija zinanyamula galasi la ku India.

Pakati pa timikanda ta ku Kasitu panali tofiira kunja, toyera m'kati. Mtundu umenewu unkapangidwa kwambiri ku Venice, pa zilumba za Murano. Kuyera kwa m'katimo kumachokera ku mtovu ndi arsenic, ndipo kufiira kwa mikanda yotere kunkachokera ku kagolide kochepa kwambiri kosungunulidwa m'galasi. Mkanda umenewu tili ndi dzina lake lakale. Horace Waller, posonkhanitsa zolemba zomaliza za David Livingstone mu 1874 mothandizidwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, analembamo mayina a mikanda imene inkayenda malonda. Wofiira wa mtima woyerawu Aswahili ankauti samisami, ndipo anthu a kunyanja kuno ankauti mangazi, ndiye kuti magazi, mwazi. Mmisiri wa ku Murano ankadziwa kuti waikamo golide. Wogula wa m'mphepete mwa nyanja yathu anaona mwazi, ndipo amene waugwirapo mkanda wotere padzuwa amadziwa kuti dzinalo linakhoza. Mmodzi wa anthu amene anathandiza Waller, Myao wowomboledwa ku ukapolo ali mwana, dzina lake linali lomwe lija: Chuma.

Sitiyenera kudumpha mbali imeneyi. Mikanda yomwe inkagula mnyanga inkagulanso munthu. Deep Bay inali pakati pa malo amene amalonda a minyanga ndi akapolo ankawolokera kupita kutsidya, ndipo n'chifukwa chake azungu anaikapo siteshoni m'masiku a nkhondo yolimbana ndi wamalonda wa akapolo Mlozi, imene inayamba mu 1887 n'kutha mu 1895. Mawu akuti chuma ananyamulanso katundu ameneyu.

Azungu atafika okha, galasi linawapatsa dzina. Kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu poona kung'anima kwake anamutcha Mandala. Dzinalo linachoka pankhope ya munthu n'kupita pa nyumba ya kampani ku Blantyre, kenaka pa kampani yonse ndi masitolo ake, kuphatikizapo ya ku Karonga imene inatsegulidwa mu 1884, ndipo lero ndi dzina la dera la mumzinda. Agogo ambiri akamafunafuna magalasi awo owerengera amafunsabe mandala.

Kalilole ndi mawu amene ndimawakonda kuposa onsewa, chifukwa ndi chiganizo chathunthu chobisala m'dzina. Ndi a Chiyao. Kulola ndi kuyang'ana, -li- ndi kaphatikizo kamene Chichewa chimati -dzi-, ndipo ka- ndi kotuma munthu kuti apite akachite chinthu. Ka-li-lol-e: kadziyang'ane. Ayao ndiwo ankayenda pakati pa nyanja yathu ndi Kilwa, ndipo m'mawuwa mukumveka wamalonda akupereka kagalasi kwa munthu amene nkhope yake ankangoiona pamadzi. Apa mawu akunena mosabisa manja amene anatipatsira chinthucho, pamene makina sakanatha kutchula Myao ngakhale atawerenga atomu iliyonse.

Nthawi ya Mlowoka ili pamalire a magalasi awiri, ndipo n'chifukwa chake nthaka ya pa Chilumba ndi yofunika. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 mikanda ya ku India inkachepa pa malonda a kum'mawa kwa Africa, ya ku Ulaya n'kumachuluka. Mkanda wotuluka pa bwinja la m'mphepete mwa nyanja pano ukakhala ndi aluminiyamu wambiri, ukuloza ku malonda akale a m'masiku a Mankhamba, Balowoka asanafike. Ukakhala wofiira kunja, wa mtovu ndi arsenic m'kati, ndi wa zaka za m'ma 1800, masiku a Mlozi ndi Mandala. Mayankho awiriwa amasintha mmene timasimbira mbiri ya doko limeneli.

Koma makina amangowerenga zimene zili mumkanda, sadziwa pamene unagona. Mkanda wotoledwa m'munda wa chinangwa n'kusungidwa m'chitini umataya theka la umboni wake, pakuti chimene chimaupatsa chaka ndi dothi, makala ndi mapale amene unali nawo pamodzi. Mlimi kapena womanga nyumba akagunda malo otuluka mikanda yambiri ndi mapale, chofunika n'kusiya kukumba pamenepo ndi kudziwitsa a ku Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, kapena a ku dipatimenti ya boma yoona za zinthu zakale. Ofukula amajambula malowo, amalemba kuya kwake, amasefa dothi ndi sefa wa timabowo ting'onoting'ono chifukwa mikanda ina ndi yochepa ngati njere ya mawere, ndipo amatenga makala oti akayezedwe zaka. Zonsezi zikachitika m'pamene kamkandako kamatumizidwa ku labotale.